M si digiri amwene, siyani kuphunzirira kamera pa chinkhoswe cha eni

Mwezi wathawu mnyamata wina wakwathu, wa ku Mangochi, amagulitsa mu shopu ya mafoni ku Mayfair kuno ku Joni, anandiimbira Lamulungu m'mamawa mawu ali ozizira ngati kwagwa maliro. Akuti akulu ndaononga. Ndimvekere waononga chani mphwanga, iye akuti ndikubwera mudzaone nokha. Nkhani yake inali yoti anagula kamera ya Canon ya sekondi handi ndi kalenzi kaja kamabwera ndi kamerayo ka 18-55, nde dzulo lakelo anapeza ganyu yake yoyamba, chinkhoswe cha anthu akwathu mu holo ina ku Rosettenville. Za mkati mwa holo zinali bho ndithu, ankhoswe akupatsana tambala ndi thadzi, amayi akululutira, perekani perekani marandi akuuluka, zonse zooneka. Vuto linayamba cha m'ma 2 koloko pamene anthu anatuluka panja kuti ajambulitse cha banja lonse, chija chimatumizidwa kumudzi kwa makolo amene sanathe kubwera. Zithunzi zonse za panja zinali mbee. Pepala loyera, mwina ka nsapato kakuda pansi, basi.

Nditayang'ana manambala ake ndinapeza f/4, shata 1/60, ISO 3200, kagudumu ka pa kamera kali pa M, ndiye kuti manyuwo, pomwe zonse umatchera wekha. Anatchera mu holo, anatchera bwino, kenako anatuluka nazo panja pa dzuwa la ku Joni osasintha kanthu, sinanga anthu akumukuwira kuti fulumira aise tikupsa kuno, ndipo pa dzuwa sikirini ya kamera sioneka olo mutaiphimba ndi dzanja. Ndinamufunsa kuti bwanji unaika pa M, akuti pa YouTube ananena kuti wojambula weniweni amajambula pa manyuwo, zinazo ndi za ana.

Mawu amenewo ndi amene ndikulimbana nawo lero. Ine ndikuti munthu amene wangoyamba kumene, makamaka ngati walandira ndalama za munthu, asamajambule pa M kupatula malo ochepa amene nditchule kutsogoloku. Aike pa Av ngati ndi Canon, pa A ngati ndi Nikon kapena Sony, pomwe iwe umasankha aperture kamera nkusankha shata yokha, aphunzire kabatani kamodzi kaja kolembedwa +/- kowonjezera kapena kuchepetsa kuwala ndipo maso ake akhale pa nkhope za anthu. Ndikudziwa kuti anzanga ena a makamera akuluakulu aja timakumana pa maukwati anditukwana, zilibe kanthu.

Poyamba tifotokoze zinthu zitatuzi mwachangu kwa amene sakuzidziwa, chifukwa anthu amazikometsera ngati ndi masamu a ku Poly pomwe ndi zapafupi. Aperture ndi kabowo ka mu lenzi kolowera kuwala, kamakula ndi kuchepa ngati mwana wa diso, ndipo manambala ake amayenda chobwerera: f/2.8 ndi bowo lalikulu, f/16 ndi kakang'ono. Shata ndi kuphethira kwa kamera, 1/60 yaphethira mwaulesi, 1/1000 yaphethira msanga. ISO ndimaifanizira ndi voliyumu ya wailesi, ngati siteshoni ikumveka patali mumakweza voliyumu nde mawu amamveka inde koma ndi phokoso lake la shiii lomwe, pa chithunzi phokosolo limaoneka ngati timchenga. Sitepe iliyonse imachulukitsa kuwala kawiri kapena kukudula pakati. Kuchoka pa 1/125 kupita pa 1/250 mwadula theka, kuchoka pa ISO 400 kupita 800 mwaonjezera kawiri, kuchoka f/8 kupita f/5.6 mwaonjezera kawiri. Nkhani yonse ndi yomweyo, mukachotsa uku mubwezere uko.

Tsopano taganizani kusiyana kwa mu holo ndi panja masana. Diso lathu limatinamiza chifukwa limasintha lokha tisakudziwa, koma panja dzuwa lili pa liwombo kuwala kumatha kuposa kwa mu holo ka 200 ndi kupitirira, ndiye masitepe 8 amenewo. Kuno ku Joni ndiye usanene, mzindawu uli pamtunda wa mamita opitirira 1,700, nthawi yozizira kumwamba kumakhala kopanda ndi kamtambo komwe, dzuwa lakuthwa ngati lumo. Nthawi ya mvula zimasinthanso, 2 koloko kuli ngwee, 4 koloko mitambo yakuda yabwera ndi ziphaliwali zake, kwada ngati madzulo. Munthu woti manja ake sanazolowere, akuwerengabe mumtima kuti f/8 ndi yaikulu kapena yaing'ono, mukumuuza kuti azithamangitsana ndi zimenezi pa zinthu zitatu nthawi imodzi kwinaku mkwatibwi akuyenda? Pa Av kamera ikanaona kuti kwawala nkuthamangitsa shata yokha, ndipo ISO ikanakhala pa oto ikanatsika yokha kufika 100. Banja lija likanakhala ndi chithunzi chawo.

Amene amakakamira manyuwo amakonda kunena za akuluakulu akale, akuti onani Sam Nzima anajambula chithunzi cha Hector Pieterson ku Soweto pa 16 June 1976 ndi kamera ya filimu yopanda sikirini, inu mukulephera chani. Zoona, ndipo ulemu wake ndi waukulu. Koma bamboyo anali wojambula wa nyuzipepala ya The World, kamera inali ntchito yake ya tsiku ndi tsiku, sanayambe dzana ngati mphwanga wa ku Mayfair. Komanso chaka chomwecho cha 1976 Canon inatulutsa AE-1, kamera yoti iwe usankhe shata iyo isankhe aperture, ndipo anthu anaigula ngati zitumbuwa. Mu 1980 Nikon inatulutsa F3, kamera ya akatswiri enieni a nyuzi, ili ndi A pa kagudumu kake. Ndiye zoti oto ndi ya ana zinachokera kuti? Zaka zoposa 40 akatswiri akuigwiritsa ntchito mwakachetechete, ife tikunyozana nazo pa WhatsApp.

Koma musandimve molakwa, sindikunena kabokosi kobiriwira kaja ka oto yonse. Kameneko kamakulandani chilichonse, kamadzutsa fulashi pamene simukufuna, kamasankha kokha munthu woti aoneke bwino, nthawi zambiri amene ali pafupi ndi kamera olo akhale mwana wongodutsa. Pa Av inu ndi amene mukulamula chinthu chimene chimasintha maonekedwe a chithunzi, kamera ikungokuwerengerani masamu otsalawo.

Ndipo masamu akewo imalakwitsa, apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo chifukwa ndi nkhani ya ife anthu akuda. Mita ya mu kamera siidziwa kuti uyu ndi mkwatibwi, iyi ndi suti, ili ndi khoma. Imangotenga kuwala konse kumene ikuona nkuyesetsa kuti pakati pake pakhale potuwa, osati poyera osati pakuda. Nde mkwatibwi wakwathu wakhungu lakuda bwino wavala diresi loyera mbee ndi velo yake, diresilo ladzaza chithunzi, kamera imati eee kwawalitsa uku nkuchepetsa kuwala, diresi limatuluka lotuwa ngati lachapidwa ndi madzi a pachithaphwi, nkhope ndiye bii, mumangoona mano ndi maso. Apa mumadina +/- nkukweza, +1 kapena pang'ono kuchepera apo. Mbali inayi, azibambo asanu avala masuti akuda aima kutsogolo kwa katani yakuda, kamera imati kwada uku nkuonjezera kuwala, masuti amatuwa, makola a malaya amapsa, nkhope zimaoneka ngati adzola phulusa. Apa mumatsitsa, -1 kapena -0.7. Choyera chikachuluka kwezani, chakuda chikachuluka tsitsani, zimamveka ngati zotembenuka koma yesani muone. Choopsa kwambiri ndi pamene kuwala kuli kumbuyo kwa munthu, monga abusa ataima kutsogolo kwa windo kapena munthu pa denga la fulati ku Hillbrow kumbuyo kuli thambo ndi chinyumba chachitali chija cha Ponte, pamenepo olo +2 imatheka, apo ayi yatsani fulashi masana omwewo kuti iwalitse nkhope.

Mita ija ilibe tsankho, ndi makina owerenga kuwala basi. Koma mbiri ya zojambulajambula ili ndi kanthu kake. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 malo otsukira zithunzi ankalinganiza mitundu poyang'anira khadi la Kodak lotchedwa Shirley, pomwe panali mzimayi wachizungu, ndiye khungu lakelo ndi limene linali muyezo wa chithunzi chabwino, makhadi okhala ndi anthu a makungu osiyanasiyana anabwera mochedwa. Makamera a masiku ano ali bwino kwambiri, komabe zambiri zimene mwana amaonera pa intaneti zimaphunzitsidwa pa nkhope zoyera, manambala amene akukupatsaniwo anayesera pa munthu wina osati mlamu wanu wa ku Nkhata Bay. Choncho ine wophunzira ndimamuuza kuti ukajambula, kuza chithunzicho pa sikirini uyang'ane tsaya ndi chipumi, kodi khungu likuoneka mtundu wake, kodi maso akuoneka. Diresi litapsa pang'ono m'mphepete palibe amene adzalire, koma nkhope ya mwana wawo ikapanda kuoneka amayi ake kumudzi adzafunsa kuti ameneyu ndi ndani.

Pali kachiyeso kena apa kamene ndikanene ngakhale ena akwiye. Makasitomala ena amanong'oneza kuti akamera mundiyeretseko pang'ono, ndipo ojambula ena apeza njira yachidule, amangokweza kuwala mpaka aliyense atuluke ngati wadzola mafuta aja oyeretsa khungu. Ine zimenezo ndimakana. Kuwalitsa nkhope kuti ioneke ndi kuisintha mtundu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Khungu lakuda likalandira kuwala kofewa, monga pamthunzi wa khonde kapena pafupi ndi chitseko chotsegula, limanyezimira mokongola moti palibe amene amapemphanso zoyeretsedwa. Vuto nthawi zambiri si manambala, ndi pamene mwamuimika munthuyo. Musunthireni pamthunzi, atembenukire kumene kukuchokera kuwala, theka la mavuto latha musanakhudze batani lililonse.

Chinthu china chimene oyamba kumene amaopa mopanda chifukwa ndi ISO. Anawauza kuti ISO ikhale pa 100 nthawi zonse kuti chithunzi chikhale choyera bwino, nde mu tchalitchi cha mu galaja ku Turffontein momwe muli mababu awiri amakakamira 100 kapena 200, kamera nkutsitsa shata kufika 1/8, zotsatira zake amayi a kwaya onse ali ndi mitu iwiriiwiri ndi manja ngati mizukwa. Chithunzi cha timchenga mutha kuchipereka kwa mwini wake, ndipo pamene chadutsa pa WhatsApp nkuchepetsedwa, timchengato palibe amationa pa foni. Chithunzi chogwedera mungochitaya, palibe kompyuta imene ingachikonze bwino. Ndiye kwezani ISO mopanda mantha, 1600, 3200, olo 6400 ngati kwadadi. Anthu ongoima 1/125 imakwana, oyenda 1/250, ovina perekani perekani kapena ana othamanga 1/500 ngati kuwala kukulola. Pa Av diso limodzi lizikhala pa nambala ya shata imene kamera yasankha, ikatsika kupyola 1/100 pali anthu, kwezani ISO kapena tsegulani aperture. Makamera ena ali ndi poti muiuze kuti shata isatsike kupyola apa, ngati yanu ili napo tcherani lero lomwe. Ndipo mukaona mizere kapena mitundu ikusinthasintha pansi pa magetsi a machubu kapena ma LED otchipa, yesani 1/100 kapena 1/50, magetsi akuno amayenda pa 50 Hz ngati akwathu ndipo mababu ena amaphethira motsatira zimenezo.

Matenda ena ndi a f/1.8. Munthu akangogula lenzi ya 50mm ija yotchipa, imene kunena zoona ndi yabwino kuposa mtengo wake, amafuna chithunzi chilichonse kumbuyo kuzichita mbuu ngati za m'magazini. Kwa munthu mmodzi pansi pa ma jacaranda mu October zimakoma zedi. Koma pa gulu la mizere itatu, agogo kutsogolo pa mipando, ana pansi, azibambo kumbuyo, f/1.8 imagwira mzere umodzi wokha ena onse mbuu. Gulu limafuna f/5.6 kapena f/8. Komanso masana a kuno f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka moti olo pa ISO 100 shata ya makamera ang'onoang'onowa, imene imathera pa 1/4000, imalephera kukudula, chithunzi chimapsabe. Mukaona nambala ya shata ikuthwanima mu kawindo koyang'aniramo, kamera ikukuuzani kuti yafika pamapeto, tsekani kabowo pang'ono.

Tsopano chilungamo kwa anzanga a manyuwo, chifukwa ali ndi mfundo. Amati munthu wozolowera Av sadzamvetsa kuwala, adzakhala ngati dalaivala wa otomatiki amene ukamupatsa minibasi ya Quantum ya magiya amangoizimitsa pa loboti. Pali choonadi pamenepo. Manyuwo imaphunzitsa, ndipo ndikufuna aliyense aiphunzire. Funso langa ndi lakuti kuti, ndipo pa ndalama za ndani. Tengani kamera Lamulungu masana mupite ku Zoo Lake kapena ku Emmarentia ndi mnzanu, ikani pa M, yambani ndi lamulo lakale lija la ojambula a filimu loti dzuwa likakhala ngwee f/16, ISO 100, shata 1/125, kenako f/11 ndi 1/250, f/8 ndi 1/500, muone kuti kuwala sikukusintha koma kumbuyo kukusintha. Lowani pamthunzi muone masitepe angati mwataya. Lakwitsani zithunzi 300, abakha a pa Zoo Lake sadzakufunsani ndalama zawo. Amene ali ndi mpata ndi kangachepe, ku Newtown kuli Market Photo Workshop imene anaiyambitsa David Goldblatt mu 1989, komwe anaphunzirako Zanele Muholi, sukulu yeniyeni ya zimenezi ili mumzinda momwe tikukhalamu. Koma chinkhoswe cha munthu si kalasi.

Ndipo alipo malo amene ine ndemwe ndimaika pa M osaganizanso kawiri. Kuwala kukakhala kosasintha, monga mwapachika nsalu kumbuyo mukujambula anthu mmodzimmodzi pamalo amodzi, M ndi yabwino chifukwa wovala zoyera ndi wovala zakuda onse atuluka mofanana, kamera siinyengedwa ndi zovala. Mu holo usiku ndi fulashi, M, shata musapyole 1/200 pa makamera ambiri ang'onoang'ono, mukapyola mudzaona chimthunzi chakuda chadula chithunzi, ndipo fulashiyo ilozeni kudenga ngati ndi loyera m'malo mowombera anthu kumaso, khungu lathu likatuluka thukuta fulashi yolunjika imasiya chipumi chikung'anima ngati galasi. Magetsi akazima pakati pa mwambo, zimene tonse tinazolowera nthawi ya load shedding, anthu ayatsa makandulo ndi matochi a mafoni, pamenepo mita imasokonezeka, M imathandiza. Nelson Mandela Bridge usiku kamera ili pa miyendo yake itatu, M. Onani kuti malo onsewa ndi oti muli ndi nthawi yoyesa, kuyang'ana, kukonza. Pamene anthu akulowa ndi kutuluka, mitambo ikubwera ndi kupita, nthawi imeneyo palibe.

Palinso chifukwa china cha ku Joni konkuno chimene a pa YouTube sangakuuzeni. Mutaima pafupi ndi Park Station kapena mu Small Street mutu uli pansi mukupotokola magudumu a kamera kwa mphindi ziwiri, mwadziitanira alendo. Tcherani zonse muli m'nyumba kapena mu galimoto, tulutsani, jambulani, bwezerani mu chikwama. Ine ndimanyamulira mu chikwama chakale cha kusukulu.

Ine ndemwe ndinapsapo, musaone ngati ndikulankhula ngati mngelo. Chaka changa choyamba ndinajambula ubatizo m'mawa ndi ISO imene ndinaisiya usiku wake pa phwando, komanso +/- ili pa +2 osadziwa, chifukwa kabatani kameneka pa makamera ambiri sikabwerera pa 0 mukazimitsa. Chimenecho ndi chilema chenicheni cha njira imene ndikukulimbikitsaniyi, ndipo ndikuchivomera. Kuyambira tsiku limenelo ndisanatuluke pakhomo ndimayang'ana zinthu zinayi, kagudumu kali pati, ISO ili pati, +/- ili pa 0, khadi ndi batire zilimo, ndipo ndikadutsa pa chitseko chilichonse, kulowa kapena kutuluka, ndimajambula chimodzi choyesera nkuchiyang'ana nditabisa sikirini mu jekete. Yatsaninso kaja kamathwanimitsa malo amene apsa pa chithunzi, kamakuuzani zoona pamene maso anu akulephera chifukwa cha dzuwa. Ndipo ngati khadi lanu lili ndi malo jambulani RAW, fayilo imene imasunga zonse zimene kamera yaona, imakhululuka mukalakwitsa sitepe imodzi kapena ziwiri, ngakhale masitepe pafupifupi 10 a mphwanga uja olo RAW sikanamupulumutsa.

Iye anabweza theka la ndalama, eni ake anali anthu abwino sanamuchititse manyazi pa gulu. Anayesa kuwasonkhanitsanso sabata yotsatira kuti abwereze cha banja, koma malume a mtsikanayo amene anachokera ku Blantyre kudzaimira banja anali atakwera kale basi Lolemba. Chithunzi chokha cha panja chimene muli malumewo anajambula ndi mwana wina wa Grade 7 pa foni ya mayi ake, chopendekeka, mutu wa munthu mmodzi wadulidwa, koma nkhope zonse zikuoneka, ndipo ndi chimene chinapita kumudzi. Loweruka likubwerali mnyamatayo ali ndi bridal shower ku Yeoville, ndamuuza abwere Lachisanu madzulo akaweruka tidzayese +/- pa nkhope yanga ndi malaya oyera.